Kadzidzi m'siling'i, namzeze pakhonde: chimene mbalame zadzera pakhomo pathu

Nyumba ya azakhali anga kwa Chamama, ku Kasungu, ndi ya malata ndipo ili ndi siling'i. Chaka china mu June, kukangoda, m'dengamo munkamveka ngati muli munthu wa chifuwa amene akuliza mkonono: fwee, fwee, kenako kukanda ndi kuyendayenda. Adzukulu anakana kugona kuchipinda kwawo. Anansi anayamba kunong'onezana, ndipo dzina la agogo ena a pamudzipo linayamba kutchulidwa motsitsa mawu. Msuweni wanga atalimba mtima n'kukwera ndi tochi, anapeza ana a kadzidzi anayi, oyera mbuu ngati thonje, ataunjikana pakona, wina wamkulu wina wochepetsetsa. Ponseponse panali timibulu takuda touma, todzaza ubweya ndi timafupa.

"Amayi, kulibe mfiti kuno. Ndi ana a kadzidzi," anatero akutsika.

"Nanga kadzidziyo wadza yekha? Nyumba zonsezi pamudzi pano, wasankhiranji yanga?"

Funso la azakhali ndi lomveka, ndipo lili ndi yankho. Mbalame ikamafuna pomanga chisa imayang'ana malo amene mvula siifika, amene njoka ndi mphaka sangakwere mosavuta, komanso amene chakudya chili pafupi. Kadzidzi wa nkhope yoyera uja, amene m'mabuku amamutcha Tyto alba, samanga n'komwe chisa. Amangofuna malo a mdima, otakasuka, n'kuikira mazira pansi. Kuthengo malo oterewa ndi mphako ya mtengo waukulu, phanga, kapena chisa chakale cha nantchengwa, chimphona cha chisa chija chimene munthu wamkulu atha kuimapo osagumuka.

Tsono yendani pamsewu wochokera ku Kasungu boma kupita ku Chinkhoma kapena ku Santhe muwerenge mitengo yamphako imene mungaione. Minda ikuluikulu ya fodya itafalikira m'zaka za m'ma 1970, mitengo yachilengedwe ngati mombo, tsamba ndi muwanga inapita m'mabalani owotchera fodya. Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, alimi ang'onoang'ono ataloledwa kulima bale, chigafa chilichonse chinafuna milimo ndi mapaso ake. Onjezanipo makala, uvuni wa njerwa ndi nkhuni za kukhitchini. Tabzala mitengo ina, inde, koma bulugama, malaina ndi kesha timazidula zikadali zanthete, pomwe mphako imatenga zaka zambirimbiri kuti ipangike mumtengo wokalamba. Nkhalango yeniyeni yatsalira makamaka ku Kasungu National Park, malo a masikweya kilomita oposa 2,300 kumalire ndi Zambia, ndi m'manda mwathu momwe nkhwangwa imachita manyazi. Kadzidzi wa kwa Chamama sangapite kupaki. Chimene chikufanana ndi mphako m'dera lake ndi siling'i, denga la tchalitchi, kalasi ya sukulu, kapena balani losiyidwa.

Chifukwa china n'chimene azakhali sanafune kuchimva. Kale chimanga chinkakhala m'nkhokwe panja. Masiku ano, poopa akuba ndi anankafumbwe, timatonola, kuthira mankhwala, n'kusanja matumba m'chipinda. Makoswe anatsatira chimangacho m'nyumba. Azakhali anali atakolola bwino chaka chimenecho, matumba a chimanga ndi mtedza ali mbwee, ndipo pamwamba pa khoma la kum'mawa amisiri anasiya mpata woti mkono n'kulowa. Chakudya pansi, chipinda chamdima pamwamba. Kadzidzi aliyense wanzeru zake akanasankha nyumba yomweyo.

Moyo wa mbalameyi ukaudziwa, zambiri zoopsa zija zimasanduka zinthu wamba. Yaikazi imaikira mazira anayi mpaka asanu ndi awiri, osati tsiku limodzi koma modumphitsa masiku awiri kapena atatu, ndipo imayamba kufungatira dzira loyamba likangoikidwa. N'chifukwa chake ana ake amakhala osiyana misinkhu ngati ana a mitala. Dzira limaswa pakatha pafupifupi mwezi, ndipo ana amatenga miyezi iwiri kapena kupitirirapo pang'ono kuti auluke. Mkonono uja ndi kulira kwa ana popempha chakudya. Wamkulu salira kuti "huu-huu" ayi. Amakuwa mokhadzula, kukuwa kumene kumaimitsa tsitsi ukakumva koyamba. Wa "huu-huu" ndi mtundu wina, wamawangamawanga, wa maso achikasu ndi nthenga zoima ngati makutu. Timibulu tija si zitosi. Kadzidzi amameza khoswe wathunthu, kenako amalavula ubweya ndi mafupa zimene mimba yake yalephera kugaya. Mukaphwanya kamodzi ndi kamtengo mupezamo chigaza ndi mano, n'kudziwa chimene anadya dzulo.

Kadzidzi wamkulu mmodzi amadya makoswe kapena mbewa zingapo usiku uliwonse. Muwerengere makolo awiri ndi ana anayi anjala kwa miyezi itatu, mufika m'mahandiredi ambiri. Nthawi yake yoswana imagwirizananso ndi nthawi imene mbewa zachuluka m'minda, dzinja likamatha ndi pokolola. Kapuku, amene amafukula mbewu tikangobzala n'kubweranso kudzadya chimanga pamkukwe, ndiye ndiwo yake yeniyeni. Anyamata okumba mbewa angadandaule kuti akulimbirana naye ndiwo, koma mlimi alibe chifukwa chodandaulira. Mphaka amagona akakhuta. Kadzidzi amene ali ndi ana sagona.

Komabe palibe mbalame imene timadana nayo kuposa iyi. Tinakula tikumva kuti kadzidzi akalira padenga ndiye malodza, maliro ali panjira, kapena kuti wina wamutuma. Sindinyoza mantha amenewa, chifukwa nanenso mtima umagunda ndikamumva pakati pa usiku. Koma taganizani nthawi imene timamumva. Masiku abwinobwino timagona tulo tofa nato, kadzidzi n'kumalira yekha popanda womumvera. Pakhomo pakakhala matenda m'pamene timachezera, khutu lili kunja, ndipo kulira kulikonse timakusunga. Wodwala akachira timaiwala. Akamwalira timati "paja kadzidzi analira". Chimene chimandiwawa n'chakuti mlandu suthera pa mbalame. Umakagwera nkhalamba ina yosauka, yokhala yokha, imene ilibe woiikira kumbuyo. Lamulo la dziko lino lokhudza za ufiti, la 1911, limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma lamulo lili ku Lilongwe ndipo manong'onong'o ali pamudzi. Agogo aja a kwa Chamama anapulumutsidwa ndi tochi ya msuweni wanga.

Chimene chimapha akadzidzi mwakachetechete si chikuni chamoto chimene timawagenda nacho, koma mankhwala a makoswe. Khoswe amene wadya mankhwala amayenda mozandima, n'kukhala wosavuta kugwira. Kadzidzi akamudya, kapena akapatsa ana ake, poizoni uja amapitirira. Mphaka ndi agalu amafa njira yomweyo. Pamapeto pake pakhomo pamatsala makoswe okhaokha, poti iwo amaswana msanga kuposa adani awo onse. Ngati m'denga muli kadzidzi, msampha wa chitsulo kapena diwa n'zabwino kuposa timapaketi ta pamsika tija.

Sindikunena kuti kugona pansi pa banja la akadzidzi n'kosangalatsa. Fungo limakhalapo, phokoso limasowetsa tulo, ndipo siling'i imatha kuthimbirira. Koma kutseka mpata ana ali momwemo ndi kudziitanira zoipa: amafera mkatimo, fungo n'kuwirikiza, makolo n'kumakuwa padenga usiku wonse. Chanzeru n'kudikira kuti auluke, kukwera kukaonetsetsa kuti mulibe kanthu, kusesa, ndiyeno kutseka mpatawo ndi njerwa kapena waya wa nkhuku. Amene akufuna kuti mlondayo asapite kutali atha kumukhomera bokosi lamatabwa, lalikulu ngati katoni ya sopo, lokhala ndi khomo cha kumtunda ndi utuchi pansi, m'balani losagwira ntchito kapena pamtengo wautali kuseri kwa nyumba. Alimi a m'maiko ngati Israel ndi Malaysia akhala akuchita zimenezi m'minda yawo kwa zaka zambiri pofuna kuchepetsa makoswe.

Namzeze ndiye mlendo amene sitimukayikira. Iye nyumba amaiona ngati thanthwe lokhala ndi chotchinga mvula. Amatola matope pamjigo, padambo kapena pamalo oumbira njerwa, mlomo umodziumodzi, maulendo mazanamazana, n'kumamata pamene khoma lakumana ndi denga. Mitundu yake imadziwika ndi mamangidwe. Wa mutu wofiira ndi mizere pachifuwa amamanga ngati chipanda chokhala ndi khosi lalitali lolowera. Wa timichira tiwiri tonga waya amamanga kambale kotseguka pamwamba, ndipo amakonda pafupi ndi madzi. Yang'anani kunsi kwa milatho ya pa Bua ndi Dwangwa. Koma anamzeze ambirimbiri amene amandandalika pamawaya a magetsi kuyambira October mpaka April si omanga kuno. Amenewo amaswana ku Ulaya ndi ku Asia, n'kuwoloka nyanja ndi chipululu kudzadya ngumbi ndi tizilombo ta dzinja lathu. Kambalame kolemera ngati mabokosi ochepa a machesi, ulendo wa makilomita masauzande, chaka ndi chaka.

Vuto la namzeze ndi limodzi: zitosi pakhonde lozira bwino kapena pasimenti yopolisha. Nthawi yake si yaitali. Mazira amaswa pakatha milungu iwiri, ana amauluka pakatha milungu itatu. Kathabwa kokhomera kunsi kwa chisa, motalikirako pang'ono kuti mphaka asapezepo popondera, kamagwira zitosi zonse, ndipo zimenezo ndi manyowa a padimba. Kugwetsa chisa kumangochititsa kuti amangenso pomwepo, chifukwa amabwerera pamalo amene anazolowera. Ngati pamalopo simukufunadi, monga pamwamba pa chitseko, gwetsani matope oyambirira asanaikire. Chinthu chimodzi chokha tisanamizane: namzeze amadya ntchentche ndi tizilombo touluka masana, pomwe udzudzu wa malungo umaluma usiku iye ali m'tulo. Neti ikhalebe pabedi.

Pali timpheta tina timene achikulire a ku Kasungu sanakule nato. Ndi tija todzaza m'magolosale, m'zigayo ndi m'madepoti, tatimuna take tokhala ndi kandevu kakuda pakhosi. Kwawo ndi ku Asia ndi ku Ulaya. Tinatsitsidwa m'madoko a ku South Africa cha m'ma 1900, n'kumafalikira kumpoto motsatira matauni ndi misewu, mpaka kufika kuno m'zaka za m'ma 1960. Timeneti sitikhala kuthengo. Pomwe pali malata ndi madeya m'pomwe pali kwawo. Zisa zake ndi zauve: udzu, nthenga za nkhuku, zingwe za matumba, mapepala a pulasitiki, zonse zopanikiza pakati pa lata ndi khoma kapena kuseri kwa nyali ya panja. Apa ndiye pamene ine ndimaumirapo mtima. Mulu wa udzu wouma pa waya wa magetsi wolumikiza mwachidule ndi moto wodikira tsiku lake, ndipo chisa chotseka ngalande ya madzi a padenga chimavunditsa matabwa. Ana akangouluka, chotsani n'kutseka.

Atchete ndiye a phokoso. Mvula ikayamba amasankha mtengo umodzi pabwalo, kaya ndi nsungwi, mgwalangwa kapena bulugama, n'kuusandutsa msika. Woluka ndi wamwamuna, wachikasu uja wa nkhope yakuda. Amang'amba timizere ta udzu, masamba a chimanga kapena a mgwalangwa, n'kumanga mfundo ndi mlomo ndi mapazi basi, ndipo chisa chimatha tsiku limodzi kapena awiri. Akamaliza amalendewera kunsi kwake chadodolido, akukupiza mapiko, kuitana wamkazi kuti adzaone. Wamkazi amalowa, kukoka apa ndi apo, ndipo ngati sanakhutire amangouluka. Chisa chikauma osapeza mwini, bambo uja amachiphwasula n'kuyambanso, n'chifukwa chake pansi pa mtengo wa atchete pamakhala zisa zambiri zopanda dzira. Kuno kwathu kuchikamwini, komwe mwamuna amakamanga kwa mkazi apongozi akuyang'ana, nkhani imeneyi sifunika womasulira. Khomo amaliika kunsi ndipo chisa chimakhala kunsonga kwa nthambi, ngakhalenso masamba ozungulira amawathothola, zonsezi pofuna kuti njoka ivutike kufika. Amadya mapira, mpunga ndi chimanga chachiwisi, zimenezo n'zoona, koma ana awo amawalera ndi mbozi ndi ziwala za m'munda momwemo.

M'nyumba zofolera ndi udzu mumabisalanso kambalame kofiira, kochepa ngati chala chachikulu, kamene kamatola madeya pamtondo popanda mantha. Kamamanga m'tsindwi, ndipo nthawi zina kamalera mwana amene si wake: pali kambalame kena, kakamuna kake kakuda bii, kamene kamaikira dzira lake m'chisa chimenecho n'kuchoka. Atchete nawonso amapusitsidwa chimodzimodzi ndi mbalame ina yobiriwira monyezimira imene imalira kwambiri m'dzinja. Njiwa zokha ndiye zaulesi pomanga: timitengo towerengeka pamphanda ya mango, mazira awiri ooneka ndi pansi pomwe.

Amene ali ndi mlandu weniweni pakhomo ndi khwangwala ndi akabawi. Khwangwala wapindula kwambiri ndi ife: zinyalala za pamsika ndi chakudya, nsanja za mafoni ndi mapolo a magetsi ndi pomanga. Amaba mazira, anapiye, ngakhale ana a mbalame zinzake. Kabawi wa mlomo wachikasu ndi mchira wamphanda amafika cha mu August, nthawi imene pabwalo pali mbee popanda pobisala. Kuwathira poizoni m'nyama kumapha agalu a eni ake ndi mbalame zosalakwa. Chimene chimathandiza ndi chakale chomwe: anapiye akhale otsekeredwa kapena ovundikiridwa ndi dengu lalikulu milungu yoyambirira, pabwalo pakhale zitsamba zothawirako, ndipo dzala la zinyalala lizikwiriridwa.

Za matenda tizinene mosakokomeza. Zitosi zouma zikaunjikana zaka, makamaka za nkhunda ndi za mileme, fumbi lake limatha kukhala ndi tizilombo tolowa m'mapapo. Tina mwa ito timayambitsa mtundu wina wa matenda oumitsa khosi, umene umagwira kwambiri anthu amene chitetezo cha m'thupi chatsika, monga amene ali ndi HIV koma sali pa mankhwala. Munthu wotere asapatsidwe ntchito yosesa m'siling'i. Wosesayo awaze madzi kaye, amange nsalu kukamwa ndi mphuno, akamaliza asambe ndi sopo. Amene amatchera madzi a padenga ataye oyambirira, poti ndi amene atsuka zitosi. Chisa chakale chimasiyanso utitiri umene umatsikira m'nyumba eni ake akachoka. Koma chitopa chikagwa, tisathamangire kuloza mbalame zakuthengo. Kawirikawiri chimabwera ndi nkhuku yogula pamsika kapena yopatsidwa ndi achibale, ndipo mankhwala ake ndi katemera wa I-2 wodonthezera m'diso, katatu pachaka. Mukapeza mbalame zambiri zitafa malo amodzi, musazigwire kapena kuzidya. Uzani alangizi a ziweto.

Tili ana tinkauzana kuti ukagwira mwana wa mbalame, make amamva fungo la munthu n'kumutaya. Si zoona, ngakhale bodzali linapulumutsa zisa zambiri m'manja mwathu. Kamwana kopanda nthenga kakagwa, kabwezeni m'chisa, makolo apitiriza kukadyetsa. Kamene kali ndi nthenga ndipo kakudumphadumpha pansi sikanatayike. Kakuphunzira kuuluka, ndipo make ali pamtengo akukuyang'anani. Ingotsekerani mphaka. Kukatengera m'nyumba n'kumakapatsa nsima ndi madzi ndi kukapha mwachifundo, chifukwa ana a mbalame zambiri amafuna tizilombo. Mwana wa kadzidzi wa nkhope yoyera yekha ndiye ayenera kubwezedwa kumwamba msanga, poti makolo ake sadyetsa amene ali pansi. Timba sachepa ndi mazira ake. Kulera kumene ife timakuona kosalongosoka, mwini wake amakudziwa.

Ku Kasungu tikamva za nyama zakuthengo timaganiza za njovu, makamaka chibwerereni zija 263 zochokera ku Liwonde mu 2022. Koma lamulo la National Parks and Wildlife Act, la 1992, limene linakhwimitsidwa mu 2017, silinena za njovu zokha. Lili ndi mindandanda ya zamoyo zotetezedwa, mbalame zina zili momwemo, ndipo kupha, kusunga kapena kugulitsa zotetezedwazo popanda chilolezo ndi mlandu. Dziko lino lili ndi mitundu ya mbalame yoposa 600, ndipo ambirife sitingasiyanitse yotetezedwa ndi ina, choncho wopeza kadzidzi kapena chiombankhanga chovulala angachite bwino kudziwitsa a nthambi ya zanyama zakuthengo kusiyana n'kuchimangirira mwendo pakhomo. Ku Lilongwe Wildlife Centre amalandira nyama zopulumutsidwa. Za legeni ndi ulimbo sindingalalikire kwambiri, poti nanenso ndinadya mpheta zootcha. Koma ngakhale kalelo akuluakulu ankatikalipira tikagenda mbalame ili pamazira.

Ana a kadzidzi a kwa azakhali anauluka mu August, mmodzimmodzi, wamkulu poyamba. Msuweni wanga anatulutsa ndowa ziwiri za timibulu, adzukulu n'kuyamba kupikisana kuwerenga zigaza mpaka anatopa. Mpata uja anautseka ndi njerwa zitatu, ndipo bokosi analikhoma m'balani lakale la malemu atsibweni, kumapeto kwa munda. Linakhala lopanda kanthu chaka chathunthu. Chaka chinacho mu May mkonono unayambira kumeneko.

Azakhali anavomera theka lokha. "Kubalaniko akhale," anatero, "koma asadzandilirire padenga panga." Akalira usiku amadzukabe n'kunena pemphero. Kukacha amatuma mdzukulu ndi chitini kuti akatole za pansi pa bokosi, akathire pa tomato.